Galimoto imodzi, matayala a mitundu itatu: zomwe ndaona pa galimoto ya alamu anga

Ine ndilibe galimoto. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera kumudzi kuno, ndipo chokwera changa ndi njinga yakapalasa. Koma kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikukwera, kukankha ndi kugwada m'mbali mwa galimoto ya alamu anga, amene amagwira ntchito mumzinda ndipo amabwera kawirikawiri kudzaona mayi awo, omwe ndi apongozi anga.

Galimotoyo ndi ya dizilo, yopangidwa ku Germany, ya mtundu uja timati ya mabwana: yaitali, yolemera, mipando yachikopa. Anaigula yogwirako kale ntchito, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Pa zaka zitatuzi yavala matayala a mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse watiphunzitsa kanthu. Umodzi unatsala pang'ono kutiphunzitsa ndi maliro.

Galimoto zotere, monga Mercedes-Benz E-Class ndi BMW 5 Series, zimapitirira makilogalamu 1,600 musanakweremo munthu kapena kupakiramo thumba la chimanga. Injini ya dizilo imalemera kuposa ya petulo, ndipo imakoka mwamphamvu mukangoigunda pang'ono. Zambiri mwa galimotozi zimakankhidwa ndi matayala akumbuyo, choncho amenewo ndiwo amayamba kutha. Kulemera konseko ndi mphamvu yonseyo zimatsamira pa timalo tinayi pomwe labala wakhudza msewu, ndipo kamalo kalikonse n'kofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu.

Mwini galimoto amafuna zinthu zitatu pa tayala: ligwire msewu, likhalitse, komanso lisamugwedeze. Vuto ndi lakuti zitatuzi zimalimbana. M'kalasi ndimatenga zofufutira ziwiri, chofewa ndi cholimba, n'kuuza ana azikhule pa desiki. Chofewa chimakakamira koma chimanyenyeka msanga. Cholimba chimakhalitsa koma chimatsetsereka. Labala wa tayala ndi chimodzimodzi. Kuchokera mu 1992, pomwe kampani ya Michelin inayamba kugulitsa matayala osakaniza labala ndi silica, opanga matayala achepetsako mkanganowu, koma sanauthetse.

Matayala oyamba anabwera ndi galimoto. M'mbali mwake munalembedwa 245/40 R19. Nambala yoyambayo ndi kukula kwa tayala m'lifupi, mamilimita 245. Yachiwiri ikunena za khoma la tayala, kuchokera pa limu kufika pomwe pamaponda pansi: msinkhu wake ndi magawo 40 pa 100 a m'lifupi muja, amene ndi mamilimita 98 okha. Nambala 19 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Matayala okhala ndi khoma lalifupi chonchi amakongoletsa galimoto, ndipo anyamata apamsika ankaizungulira n'kumaimba mluzu.

Pa msewu wa tala wosalala analidi abwino. Alamu akangokhotetsa chiwongolero pang'ono, galimoto inkamvera nthawi yomweyo, ndipo pa makona inkakhala ngati yamatidwa. Koma kuchokera pa tala kufika kwathu ndi msewu wafumbi wa miyala ndi tizitunda. Tsiku lina tikuwatengera kuchipatala, apongozi anagwira msana n'kufunsa kuti, "Kodi mwanawe, iyi ndi galimoto ija umaitama, kapena tabwerera pa ngolo?"

Chinaonjezera kuuma kwake n'chakuti anali amtundu wa run-flat, amene khoma lake amalilimbitsa kuti tayala likabooka muyendebe makilomita pafupifupi 80 pa liwiro losapitirira makilomita 80 pa ola. Kaamba ka ichi, galimoto inabwera yopanda sipeya. Ku Ulaya nzeru imeneyi imagwira ntchito chifukwa sitolo ya matayala sikhala patali. Kuno mutha kutsiriza makilomita 80 aja musanapeze wogulitsa saizi imeneyo.

Mapeto ake anadza pa dzenje lina la pa tala, usiku. Khoma lalifupi lilibe malo oti lifwamphuke, ndiye tayala linapanikizika pakati pa limu ndi m'mphepete mwa dzenje. M'mawa tinapeza chotupa ngati dzira m'mbali mwa tayala lakutsogolo, limu nalo litapindika. Chotupa chotero chimatanthauza kuti ulusi wam'kati waduka. Sichimatidwa, ndipo tayala lotero likhoza kuphulika nthawi ina iliyonse. Mapanga, mizere ija ya pomwe tayala limaponda, anali akadalipo ambiri, koma tayala linapita kudzala.

Atafunsa mtengo wa latsopano la saizi yomweyo, alamu anangoti kakasi. Makaniko wina anawalangiza kuti asinthe malimu, aike a mainchesi 17, pamodzi ndi matayala a 225/55 R17. Saizi imeneyi inali m'gulu la zomwe opanga galimotoyo amavomereza, ndipo kukula kwa gudumu lonse sikusintha kwenikweni. Chosintha ndi khoma, lomwe limafika mamilimita pafupifupi 124. Langizo limeneli linali labwino. Cholakwika chinali chotsatira: ndalama zitathera pa malimu, anagula matayala anayi a kaunjika.

Pooneka anali ogwira mtima. Mapanga akuya, labala wofewa woti ukadina ndi chala amalowa, ndi timizere ting'onoting'ono tambirimbiri ngati todula ndi lezala. Pa msewu wafumbi galimoto inayamba kuyenda ngati bwato, ndipo apongozi anagona tulo ulendo wonse wopita kutchalitchi. Tonse tinati alamu atola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndine ndinayamba kukayika, nditaona kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale chofewa m'kati mwake. Amenewo anali matayala a nyengo yachisanu, opangidwira mayiko omwe kumazizira kufika pansi pa madigiri 7. Ochokera ku Japan ambiri amalembedwa mawu akuti studless. Labala wake amamufewetsa dala kuti asaume pa madzi oundana. Pa tala wotentha wa mu Okutobala labala wotero amafewa mopitirira, galimoto imayendayenda pa makona, mabuleki amatenga mtunda wautali, ndipo mapanga amasungunuka ngati sopo. Pa miyezi yochepa akumbuyo aja anali atatsala pang'ono kusalala.

Ndinapezanso china. Tayala lililonse lili ndi tsiku lobadwa: manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, moti 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Limodzi mwa anayiwo linali litapitirira zaka khumi, msinkhu umene opanga matayala ambiri amati tayala lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Ndinawauza alamu. Iwo anati, "Alamu, mwezi uno wandithina. Tionana nazo ikatha Khrisimasi."

Khrisimasi isanafike, mvula yoyamba inagwa. Mvula yoyamba ndi yoopsa pa tala chifukwa imasakaniza fumbi ndi mafuta zomwe zaunjikana chilimwe chonse, msewu n'kukhala ngati wapakidwa therere. Tinali pa liwiro wamba pomwe kamnyamata kothamangitsa mbuzi kanadumphira mumsewu. Alamu anaponda mabuleki mpaka pansi. Ndinamva galimoto ikunjenjemera, makina oletsa magudumu kumangika akugwira ntchito yawo, koma inkangopitabe. Makinawo sangapange kugwira komwe tayala lilibe. Tinaima kamwanako katagwa chagada m'mbali mwa msewu chifukwa cha mantha, mpata wotsala wosakwana mkono. Mbuzi imodzi tinalipira. Alamu anakhala chete pa chiwongolero kwa nthawi yaitali, manja akunthunthumira.

Ntchito ya mapanga ndi kutulutsa madzi pansi pa tayala kuti labala akhudze msewu. Akachepa, madzi amalowa pakati, ndipo galimoto imayandama ngakhale ikhale yolemera bwanji. Tayala latsopano limakhala ndi mapanga akuya pafupifupi mamilimita 8. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union lamulo limaletsa kuyenda ndi mapanga osakwana mamilimita 1.6, ndipo m'kati mwa mizere muli timizati ting'onoting'ono tosonyeza malire amenewo. Akatswiri ambiri amalangiza kusintha pa mamilimita 3 ngati mumayenda m'mvula, chifukwa kugwira kumayamba kuchepa malire a lamulo asanafike.

Sabata yomweyo alamu anakongola ndalama kuntchito n'kunditenga kuti tikasankhe limodzi atsopano. Ulendo uno tinawerenga tisanagule. Matayala ambiri opangidwira msika wa ku Ulaya amabwera ndi kapepala komata, komwe kanakhazikitsidwa mu 2012 n'kukonzedwanso mu 2021. Kamapereka magiredi kuyambira A mpaka E pa zinthu ziwiri, kamwedwe ka mafuta ndi kugwira pa msewu wonyowa, komanso kamasonyeza phokoso la tayala. Pokhazikitsa kapepalaka, a European Union anafotokoza kuti pa liwiro la makilomita 80 pa ola, tayala la giredi yapamwamba likhoza kuimitsa galimoto mamita 18 msanga kuposa la giredi yotsikitsitsa. Mamita 18 ndi pafupifupi kutalika kwa makalasi awiri. Ife tinapulumuka ndi mkono umodzi.

Kapepalako sikanena za kukhalitsa. Pa zimenezo pali nambala ya ku America yolembedwa pa khoma la matayala ambiri pambali pa mawu akuti treadwear. La 400 limayembekezeka kukhalitsa kawiri kuposa la 200, koma nambalayi imathandiza kwenikweni poyerekeza matayala a kampani imodzi. Tinayang'ananso nambala ya katundu yomwe imatsatira saizi. Pa athu panalembedwa 97, kutanthauza makilogalamu 730 pa tayala limodzi. Pa galimoto yolemera, yomwe pobwerera kumudzi imanyamula ufa, nyemba ndi abale, musatsike pansi pa nambala yomwe opanga galimoto analemba.

Tinasankha matayala wamba a nyengo yotentha, a maulendo ataliatali, a giredi A pa msewu wonyowa. Mtengo wake unaluma, ndipo panafunikanso kugula sipeya ndi jeke. Tsopano patha chaka ndi miyezi, ndipo ndikhoza kuyerekeza.

Pa kugwira tala wouma, oyamba aja a khoma lalifupi ndiwo anapambana, ngakhale kusiyana kwake mungakumve pokhapokha mukuthamanga liwiro lomwe misewu yathu sililola. Pa mvula, atsopanowa ndi oyamba aja akufanana, pomwe a kaunjika anali kutali kwambiri. Pa kufewa, a kaunjika ndiwo anatsogola, atsopanowa akutsatira pafupi, oyamba aja kumapeto. Pa kukhalitsa, atsopanowa apambana popanda mkangano: oyamba anaphedwa ndi dzenje mapanga akadalipo, achiwiri anadyedwa ndi dzuwa, pomwe awa adutsa chilimwe ndi dzinja mapanga akadali akuya. Mukagawa mtengo ndi miyezi yomwe tayala latumikira, otchipa aja ndiwo anadula kwambiri, osawerengera mbuzi.

Palibe tayala lomwe linapambana pa zonse zitatu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu ayenera kusankha chomwe angalolere kutaya. Kukongola kwa malimu aakulu mukhoza kukutaya. Kufewa pang'ono mukhoza kukutaya, ngakhale miyezi ingapo ya moyo wa tayala. Kugwira pa msewu wonyowa ndiko kokha kosayenera kuchita nako malonda, chifukwa wolipira mtengo wake nthawi zambiri sakhala m'galimotomo.

Tayala labwino nalo limafuna kulisamala. Mpweya woyenera walembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena m'kati mwa kachitseko kothirira mafuta, ndipo muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Mpweya ukachepa tayala limatentha n'kudyeka m'mbali zonse ziwiri. Ukachuluka limadyeka pakati ndipo galimoto imadumphadumpha. Likamadyeka mbali imodzi yokha, magudumu apotoka, kawirikawiri chifukwa cha maenje, ndipo afunika kukawongoletsa pa makina. Ngati ndalama zikukwana awiri okha, opanga matayala amalangiza kuika atsopanowo kumbuyo, chifukwa galimoto ikaterereka kumbuyo imazungulira ndipo n'kovuta kuibweza. Ndipo phazi likhale lopepuka ponyamuka, poti mphamvu ya dizilo ija imapala labala nthawi iliyonse mwaidzidzimutsa.

Wina afunsa kuti mphunzitsi wa njinga zikumukhudza bwanji za matayala a mabwana. Ana amene ndimaphunzitsa amayenda m'mbali mwa tala m'mawa uliwonse, ena makilomita angapo, mvula ikugwa, mabuku atawakulunga m'majumbo. Galimoto zomwe zimawadutsa sakuzidziwa, ndipo sangaone zomwe zavala kumapazi. Inu amene muli nazo, mvula isanayambe chaka chino, gwadani kamodzi m'mbali mwa galimoto yanu. Werengani manambala anayi aja, funani kachizindikiro ka phiri, pisani kamtengo ka machesi m'mapanga muone kuya kwake. Sizitenga mphindi zisanu.

Kamnyamata ka mbuzi kaja kalemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino. Kakakhoza, mwina kadzakhala m'kalasi mwanga.