Amisiri a Mawaya a ku Mangochi ndi Batire Lachiwiri

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala, mvula itakata ndipo misewu itauma, pamsewu wochokera ku Liwonde kulowera ku Monkey Bay pamadutsa magalimoto akale a Land Cruiser, Hilux ndi Land Rover atasenza tenti padenga ndi zigubu kumbuyo. Ena ndi a Amalawi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena achokera ku South Africa n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Chiponde. Onsewa amalinga kunyanja: ku Chembe, mkati mwa Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, kapena kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku Malindi ndi ku Makanjira, kumene munthu angagone masiku angapo osaona soketi. Ndipo si ochepa amene ulendo usanathe amapezeka ataimika galimoto pansi pa mtengo wa mango pa boma la Mangochi kapena pa Monkey Bay, boneti ili yasa, akufunsa aliyense wodutsa kuti wa magetsi ali kuti.

Wa magetsi ndi wosiyana ndi makanika wa injini, ngakhale nthawi zambiri awiriwa amagwirira pa galaja imodzi. Wa injini amadziwika ndi girizi wofika m'zigongono. Wa magetsi zida zake zimakwana m'kachikwama: pulayala, sikuludiraiva, tepi yakuda, mita yoyezera mphamvu ngati ali nayo, ndi tesita imene ambiri amadzipangira okha ndi babu la indiketa ndi mawaya awiri. Ntchito yake yambiri amaigwira atagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja kwa chitseko, akulondola waya mmodzi pakati pa mawaya ambirimbiri amene eni galimoto atatu kapena anayi akale anadulapo ndi kulumikizapo.

Vuto limene alendowa amabwera nalo n'limodzimodzi. Galimoto yakale inapangidwa ndi batire la ntchito imodzi, yoliza injini. Batire lotere limatulutsa mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa, kenako alitaneta imalidzazanso galimoto ikamayenda. Munthu akaliwonjezera furiji yosungira chambo ndi madzi ozizira, mababu a panja, mafoni anayi ndi pampu ya madzi, n'kuzimitsa injini usiku wonse, m'mawa amapotokola kiyi n'kungomva kuti tche, tche. Galimoto yolemera matani awiri ndi kuposa, itaima pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja, sikankhika ngakhale anyamata a padoko atasonkhana onse.

Mankhwala ake ndi batire lachiwiri, ndipo apa ndi pamene mmisiri weniweni amasiyana ndi wongoyerekeza. Batire lachiwirili liyenera kukhala la mtundu wa deep cycle, lopirira kukhetsedwa pang'onopang'ono, ndipo pakati pa mabatire awiriwa pamaikidwa kachipangizo kowalekanitsa. Kotsika mtengo ndi solenoidi: injini ikalira mphamvu n'kukwera kufika cha m'mavolti 14, imalumikiza mabatire onse kuti atchajidwe, injini ikazima, imawalekanitsa, furiji n'kumadya lachiwiri lokha, loliza injini lili chikhalire. Amene ali ndi ndalama amagula tchaja ya DC-DC, imene imadzaza batire lachiwiri bwino kwambiri ngakhale lili kumbuyo kwenikweni kwa galimoto. Tchajayi n'njofunika koposa ngati batire ndi la lithium, chifukwa batire lotere limamwa mphamvu mwadyera ndipo likhoza kutenthetsa alitaneta yakale mpaka kuipsereza.

Ndinaonapo mmisiri wina wachikulire akugwira ntchitoyi pa Land Cruiser ya mtundu wa 80, imene inayamba kupangidwa mu 1990. Asanagwire pulayala, anakhala pansi ndi mwini galimotoyo n'kumalemba ndi kamtengo pafumbi. Furiji ya malita 40, kutentha kwa kunyanja kumene kumapitirira madigiri 35 mu Okutobala, imatha kudya maampu 40 ndi kuposa patsiku. Batire la asidi lolembedwa 100Ah silifunika kukhetsedwa kupyola theka, ndiye kuti lipereka 50 okha. Sola ya mawati 100 padzuwa labwino imapereka maampu 5 kapena 6 pa ola, ndipo maola a dzuwa lamphamvu ndi asanu kapena asanu ndi limodzi. Atawonkhetsa anamuonetsa mwiniyo kuti sola imodzi imene anabwera nayo sikwanira, ndipo pakapita masiku angapo furiji idzazima. Mwiniyo sanakondwe, poti anali atagula kale katundu. Mmisiriyo anangoti, "Bwana, ndikhoza kukulumikizirani lero lomwe, koma mudzabwera Lachisanu kudzandikalipira." Kwa ine kuwerengera kwa pafumbi kuja ndiyo inali ntchito yeniyeni, ndipo n'kumene eni magalimoto safuna kulipira. Amalipira kumanga mabawuti chifukwa amaona thukuta.

Chachiwiri chimene ndinaona ndi waya. Pa mavolti 12 mphamvu imatayika msanga m'njira, moti waya wopyapyala wochoka ku boneti kukafika kumbuyo, mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, amafikitsa mphamvu yoperewera ndipo amatentha. Mpake amisiri odziwa amaumirira waya wonenepa, wa 16 kapena 25 mm², ndipo polowetsa wayayo pachibowo cha chitsulo amamuveka labala kuti mabampu a msewu wa ku Makanjira asamupale khungu. Kenako fyuzi, imodzi pafupi ndi batire lililonse. Waya wopanda fyuzi akakhudza bodi amafiira ngati mbaula m'kanthawi kochepa, ndipo pafupi pake pali matiresi, botolo la gasi ndi chigubu cha dizilo. Chizolowezi chomanga waya wamkuwa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya pamalo pa fyuzi yopsa n'chofala m'maminibasi athu, ndipo n'choopsa. Fyuzi ikapsa ndiye kuti penapake pashota, pafunika kupafufuza.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale amisiri ozolowera. Ma Land Cruiser ena a dizilo a mtundu wa 60 ndi 70, komanso ma Nissan Safari ochokera ku Japan, amayendera mavolti 24, mabatire awiri olumikizidwa motsatana. Wosadziwa amaona mabatire awiri n'kuganiza kuti ntchito yachepa, n'kukoka mavolti 12 a furiji pa batire limodzi. Zikatero limodzi limakhala lanjala nthawi zonse, linalo limatchajidwa mopyola, ndipo onse amafa msanga. Chofunika pamenepa ndi kachipangizo kotsitsa mphamvu kuchoka pa 24 kufika pa 12.

Nanga amisiriwa anaphunzira kuti? Owerengeka anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Blantyre. Ochuluka anayamba ali anyamata, otumidwa kukagula tepi ndi kupukuta mitu ya batire ndi sandipepa, kenako kumasula sitata, kenako kusintha mabulashi a alitaneta, mpaka tsiku limene abwana awo anawasiyira galimoto okha. Ena anakaphunzira ku Joni. Ku Mangochi midzi yambiri ili ndi ana amene anapita ku Joni, ndipo ena mwa iwo anagwirapo ntchito m'magalaja a ku Johannesburg ndi ku Durban, kumene kukonzera magalimoto ulendo wa kutchire ndi bizinesi yaikulu. Anabwerako atadziwa mafuriji a Engel ndi National Luna ndi makontirola a sola a Victron, ndipo njira yomweyo ya mabasi ndi amalonda a ku Joni ndi imene imabweretsa zipangizo zimene m'masitolo a pa boma mulibe.

Alendo okha sangadyetse banja chaka chonse. Masiku ambiri wa magetsi amakhala akukonza ma Sienta ndi maminibasi, njinga zamoto za akabaza, malole onyamula nsomba ndi masola a m'nyumba, amene anachuluka kwambiri namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 ndipo kuzimazima kwa magetsi kutanyanya. Asodzi nawonso ndi makasitomala. Nyali za palafini zimene asodzi ankayatsa pabwato pokopa usipa zinalowedwa m'malo ndi mababu a LED oyendera batire, ndipo batire limene lagwira ntchito usiku wonse panyanja limafuna wolitchaja ndi woliyeza masana. Nzeru yosunga batire la msodzi kuti lisafe msanga ndi yomweyo yosunga la mlendo: osalikhetsa mpaka pansi, osalisiya padzuwa, ndipo likachepa madzi, kuthiramo madzi a batire ogula, osati otunga m'nyanja.

Chimene chimawapweteka kwambiri ndi katundu wachinyengo ndi mitengo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pafupifupi chilichonse chimene mmisiri amagwiritsa ntchito chimachokera kunja. Pamsika padzaza waya wooneka wonenepa kunja koma mkati muli timawaya towerengeka, wina ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba, ndi makontirola a sola olembedwa MPPT pomwe mkati ndi amtundu wotsika. Mwini galimoto amagula yekha zotchipa, zikapsa dzina loipa limagwera amene analumikiza. Mmisiri wosamala amadula kachidutswa ka waya n'kupala kawaya kamodzi ndi mpeni kasitomala akuona. Kakayera mkati, amakana kuugwiritsa ntchito.

Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa anthu amene anaphunzira ntchito pamanja osalowa m'kalasi. Ndikanakonda kuti mayeso amenewa azifika pafupipafupi pa boma la Mangochi, pa Monkey Bay ndi pa Namwera, chifukwa mmisiri amene amadya za tsiku ndi tsiku sangatseke galaja sabata yathunthu kukafuna pepala kutali, pomwe popanda pepalalo mabungwe ndi malo ogona alendo amene ali ndi magalimoto ambiri amazengereza kumupatsa ntchito zikuluzikulu.

Inu amene muli ndi galimoto yakale ndipo mukufuna kukagona kunyanja chilimwe chikubwerachi, pitani kwa wa magetsi musanagule kanthu. Muuzeni zonse zimene mukufuna kuyatsa ndi masiku amene mukakhale, mulipireni nthawi yowerengerayo, ndipo akamaliza ntchito mufunseni akuonetseni pamene waika fyuzi ya batire lililonse musanatseke boneti.