Kodi cikondi ndi timadzi cabe ta m'thupi?

Kuno kwa Magodi pali funso limene layamba kumveka kawiri-kawiri pa maphunziro a katekisimu ndi a okonzekera ukwati. Ana athu amene apita patali ndi sukulu, ena ku sekondale ku Lundazi, ena ku makoleji ku Chipata ndi ku Lusaka, akabwera kumudzi atiuza kuti asayansi anapeza kale kuti cikondi ndi timadzi cabe ta m'thupi, ndipo kuti pemphero ndi maloto a bongo. Makolo ena akamva tero akalipa, amati sukulu yaononga ana. Ena angoti cete, koma mumtima ali ndi mantha kuti kapena anawo anena zoona. Ife tiona kuti funsoli ndi labwino ndipo lifunika kuliyankha modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene asayansi anapeza ndi zoona

Tiyambire ku khola. Aliyense amene anakamapo ng'ombe zathu za cingoni adziwa kuti ukafuna mkaka uyamba wabweretsa thole kuti liyamweko pang'ono, apo ayi ng'ombe ibisa mkaka. Makolo athu anadziwa zimenezi osapita ku sukulu. Cimene sayansi inaonjezapo ndi cifukwa cake. Thole likayamwa, pansi pa bongo wa make pacoka timadzi tochedwa oxytocin, tiyenda m'magazi, tifika ku bere ndi kufinya mkaka kuti utsike. Cimodzi-modzi ndi mai woyamwitsa.

Mngelezi wina, Henry Dale, ndiye anaona mu 1906 kuti timadzi timeneti tifinyanso cibaliro. Mu 1953 Vincent du Vigneaud wa ku America anakhoza kutipanga ndi manja, ndipo mu 1955 analandira mphoto ya Nobel. Nyeleti imene azamba alasa amai akangobereka m'zipatala, kuyambira ku Kanyanga ndi ku Lumezi mpaka pa boma pa Lundazi, ndi oxytocin yemweyo. Nchito yake ndi kuthandiza cibaliro kubwerera msanga kuti mai asataye magazi ambiri. Pali ana ambiri m'midzi mwathu muno amene akanakhala amasiye pakanapanda nyeleti imeneyi, ndipo mkhristu ayenera kuthokoza Mulungu cifukwa ca anthu amene anaipeza.

Asayansi anapezanso kuti timadzi timeneti tithandiza nkhosa kuzindikira mwana wake ndi kumkonda, ndipo kuti mwa anthu ticuluka pamene mai akumbatira khanda lake. Apa ndi pamene anyuzi a kunja anayamba kuticha kuti mankhwala a cikondi. Tsono ana athu sananame konse. Cikondi cili ndi mbali yake m'thupi, monga ilili njala ndi tulo.

Kondaine wa azungu

Mu 2005 ku Zurich, m'dziko la Switzerland, akatswiri anapopera oxytocin m'mphuno za anyamata ena ndi kuona kuti anyamatawo anakhala osavuta kusungitsa ndalama zao kwa munthu wosamdziwa. Nkhaniyi inamveka dziko lonse, ndipo amalonda sanacedwe kuyamba kugulitsa timabotolo pa intaneti, akuti ukadzipopera anthu adzakukhulupirira. Koma mu 2011 akatswiri a ku Amsterdam analengeza kuti timadzi tomweto ticititsa munthu kukondera a mtundu wake kuposa alendo. Ndipo mu 2020 ena atabwereza mayeso a ku Zurich aja ndi anthu ambiri koposa, sanapeze zimene oyambawo anapeza.

Ife kuno timabotolo totere sitidabwa nato, pakuti tili nato kale. Dzina lake ndi kondaine. Mai amene mwamuna wake wayamba kugona kunja apita kwa sing'anga, alipira nkhuku kapena ndalama za nshawa, abwera ndi kaufa kothira mu ndiwo. Mnyamata wa sukulu amene anena kuti cikondi ndi timadzi cabe aseka mai ameneyu kuti ndi mbuli, koma onse awiri akhulupirira cinthu cimodzi: kuti cikondi ndi mankhwala amene ungaike mwa munthu iye asanavomere.

Tiyerekeze kuti kondaine agwiradi nchito. Mwamuna uja wabwerera, sacokanso pa khomo, asesa ndi pabwalo pomwe. Kodi mai uja adzakhutira? Usiku uli wonse adzadziwa kuti amene wagona pambali pake wagwidwa ngati mbewa pa diwa. Cimene mtima wake unafuna ndi cakuti mwamuna, ali ndi ufulu wonse wopita, asankhe kukhala. Ndi cifukwa cake Mpingo uphunzitsa kuti ukwati upangidwa ndi kuvomera kwaufulu kwa awiriwo, ndipo ukwati wokakamiza suwerengedwa ukwati, ngakhale ng'ombe za malowolo zitalowa kale m'khola.

Nanga kukonda amene si m'bale wako?

Asayansi ali ndi yankho lina. Mu 1964 William Hamilton analongosola kuti zamoyo zithandiza kwambiri za magazi amodzi ndi izo, popeza potero mbeu ya mtundu wao ipitirira. Tikayang'ana nkhuku ikulimbana ndi kabawi cifukwa ca anapiye ake tiona kuti mfundoyi ili ndi nzeru. Ena anaonjeza kuti munthu athandiza mnzake poyembekezera kuti mawa adzabwezeredwa, monga ticitira polimitsana minda. Cikondi cotere ticidziwa, ndipo akulu anacipatsa dzina: cikondi ca nkhwangwa cikoma pokwera.

Koma amene tili ndi zaka makumi asanu tinaona zina ndi maso athu. Mu 1987 a Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wao Masuzgo anamwalira ndi Edzi. Kucokera nthawi imeneyo mpaka 2005, pamene boma linacotsa malipiro pa ma ARV, munthu wosauka wa kumudzi akadwala matendawa analibe mankhwala. Maliro anali tsiku ndi tsiku. Odwala ena anathawidwa ndi abale ao eni-eni, ena anawamangira kanyumba kumbali, mbale yao ndi kapu yao payokha. Amene analowa m'tinyumba timeneto anali amai a m'miphakati ndi a mipingo ina, amene anadzipereka kusamala odwala ku nyumba. Anasambitsa zilonda, anacapa nsalu zoipitsidwa, anaphika phala ndi ufa wa m'nkhokwe zao, kwa anthu amene sanali a magazi ao ndipo amene sakanabweza kanthu, popeza anali pa njira ya ku manda. Dotolo akanayeza magazi a amai amenewa akanapezamo oxytocin monga mwa munthu ali yense, ndipo akanampezanso mwa abale amene anathawa. Thupi linali limodzi-modzi, kusiyana kunali pa cimene munthu anasankha kucita.

Ku Uganda kunali dotolo wochedwa Matthew Lukwiya, mkulu wa cipatala ca Katolika ca Lacor ku Gulu. Mu Okutobala 2000 anali ku Kampala pamene anamva kuti anamwino ake ayamba kufa ndi nthenda yacilendo. Anabwerera msanga, anaganizira kuti ndi Ebola, anatumiza magazi kukayezedwa, ndipo anakonza cipinda capadera ca odwalawo. Mliri umenewo unagwira anthu 425 ndi kupha 224. Iye anadziwa kuposa wina ali yense mmene nthendayo ipatsirana, anali ndi mkazi ndi ana, ndipo ndi maphunziro ake akanapeza nchito kwina kuli konse. Anakhalabe ndi odwala, anatenga nthendayo, namwalira pa 5 Disembala 2000. Sayansi inamuuza bwino-bwino kukula kwa ngozi ndi mmene angapulumutsire ena. Funso lakuti akhale kapena athawe, makina oyezera magazi sakanamuyankhira.

Za pemphero ndi bongo

Asayansi anayezanso opemphera. Mu 2006 ku Montreal, m'dziko la Canada, Mario Beauregard analowetsa masisitere 15 a cipani ca Karimeli m'makina ounika bongo, nawapempha kuti akumbukire nthawi imene anamva kuti Mulungu ali nao pafupi koposa. Mbali zambiri za bongo zinaoneka zikugwira nchito. Ena anati basi, Mulungu wapezeka kuti ali m'mutu cabe. Koma mukatsegula wailesi yanu mupezamo mawaya ndi mabatire, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti ku Radio Chikaya ku Lundazi kulibe munthu amene alankhula. Bongo ugwira nchito pamene mukumbukira amai anu, ndipo amai anuwo alipo ndithu. Tinene cilungamo: makina aja sanatsimikizenso kuti Mulungu alipo. Anangoonetsa cimene cicitika mwa munthu wopemphera.

M'caka comweco ca 2006 ku America kunatuluka zotsatira za mayeso ena otsogozedwa ndi dotolo Herbert Benson. Odwala 1,802 ocitidwa opaleshoni ya mtima anagawidwa m'magulu, ena anapemphereredwa ndi anthu akutali osawadziwa, ena ayi. Opemphereredwawo sanacire bwino kuposa anzao. Nkhani imeneyi sitiibisa, ndipo siticititsa manyazi. Itikumbutsa cimene katekisimu aphunzitsa kale, kuti pemphero ndi kukambirana ndi Atate, amene ali ndi ufulu wao poyankha. Mwana amene awerengera kuti ndikapempha katatu atate apereka kangati, wasandutsa atate ake cigayo coponyamo cimanga. Amene ayesa pemphero ngati fataleza, kuti ukathira thumba limodzi utulutsa matumba akuti-akuti, walisandutsa kondaine wothira Mulungu.

Cikhulupiriro cifanana kwambiri ndi lonjezo la ukwati. Mtsikana wanzeru afufuza mnyamata asanamulole: khalidwe lake, kwao, ngati amwa, ngati alima, ndipo masiku ano onse awiri ayenera kukayezetsa magazi. Imeneyi ndi nchito ya nzeru, ndipo wolumpha pamenepa adzalira. Koma ngakhale afufuze zaka khumi, palibe cipatala cimene cingampatse pepala lotsimikiza kuti mnyamatayo adzamusunga akadzakalamba kapena akadzadwala. Pofika pa guwa apereka moyo wake pa mau a munthu amene wamdziwa. Momwemonso nzeru itiperekeza patali pa njira ya kwa Mulungu, itifunsa kumene zonse zinacokera ndi kutithandiza kusiyanitsa mboni zoona ndi zonama. Kudzipereka kwa Iye kutsala m'manja mwa munthu mwini.

Mpingo suopa sayansi

Pa msonkhano waukulu wa ku Vatican mu 1870 Mpingo unaphunzitsa kuti cikhulupiriro ndi nzeru sizingatsutsane kweni-kweni, popeza zonse zicokera kwa Mulungu mmodzi. Papa Yohane Paulo waciwiri, amene anaceza m'Zambia mu 1989, analemba kalata yonse pa nkhani imeneyi mu 1998, yochedwa Fides et Ratio. Ndiyenso anavomera poyera mu 1992 kuti oweruza a Mpingo analakwa pa mlandu wa Galileo wa mu 1633, uja anaphunzitsa kuti dziko lizungulira dzuwa. Ndipo inu alimi, mbeu ya cimanga ya haibulidi imene mugula caka ndi caka itsamira pa malamulo a cibadwa ca mbeu amene Gregor Mendel, wansembe wa cipani ca Augustino Woyera, anapeza m'dimba la nsawawa ndi kulengeza mu 1865. Papa Leo wa 14, wosankhidwa mu 2025, ndi wa cipani comweco, ndipo digiri yake yoyamba inali ya masamu.

Tsono tili ndi mau atatu. Kwa inu odwala: mneneri ali yense wokuuzani kuti mutaye ma ARV, kapena mankhwala a BP ndi a shuga, kuti muonetse cikhulupiriro, akutumizani ku manda. Taika kale anthu m'manda cifukwa ca mau otere. Imwani mankhwala, pempherani, ndipo amai apakati pitani mukaberekere ku cipatala. Kwa inu a m'mabanja ogwedezeka: ndalama za kondaine gulirani sopo ndi makope a ana, ndipo nkhani yanu ipite kwa ankhoswe ndi kwa alangizi a mabanja a mu mphakati, kumene awiri angakambirane maso ndi maso. Kwa inu makolo: mwana akabwera ndi mafunso a sayansi musamuche wakunja. Khalani naye pansi, mumve zimene waphunzira, kapena adzakuthandizani ndi pa ulimi pomwe.

Ndipo kwa inu ana athu, phunzirani kolimba, tifuna madotolo, azamba ndi alangizi a zaulimi ocokera konkuno kwa Magodi. Koma tsiku limene mudzaima pambali pa bedi la wodwala wosauka, wa mtundu wina, wopanda wocezera, usiku pakati pamene palibe wokuonani, mabuku anu adzakuuzani mlingo wa mankhwala ndi nthawi yake. Ngati mudzadzuka kukamtembenuza ndi kumpatsa madzi, zidzacokera ku citemwa cimene munaona mwa amai aja a mu mphakati.