MATENDA A MASO AMENE SAPWETEKA

Kuno ku seminale moyo wathu wonse uli pa maso. M'mawa timawerenga Masalimo m'tchalitchi, masana tikuyang'ana pa bolodi, madzulo tili pa sitadi, ndipo Mulungu akalola ena mwa ife tidzakhala tikuwerenga buku la Misa mpaka imvi. Komabe mnyamata akadandaula za maso, yankho la anzake limakhala limodzi: "Ukufunika magalasi basi." Ine ndikufuna kufotokozako za matenda amene magalasi sangachize, ndiwo matenda a retina. Kuopsa kwake nkwakuti sapweteka, diso silifiira, manthongo satuluka, choncho munthu amazengereza mpaka nthawi kutha.

Retina nchiyani?

Retina ndi kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kanayalidwa mkati mwa diso, chakumbuyo kwake. Kuwala kukalowa pa mwanadiso kumakagwera pa retina, ndipo iyo imatumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha waukulu wa diso. Pakati pa diso pali madzi olimba ngati choyera cha dzira laliwisi, amene amakhudzana ndi retina. Munthu akamakula madziwa amasungunuka ndi kunyala, ndipo pochoka pamalo pake nthawi zina amakoka retina mpaka kuing'amba. Madzi akalowa pa kabowoko, retina imamatuka ngati chithunzi chonyowa pakhoma. Vutoli limagwera pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10,000 pa chaka, koma akapanda kuthandizidwa msanga disolo limasiyiratu kuona.

Zizindikiro zitatu

Choyamba ndi timadontho takuda kapena tiulusi touluka m'maso, timene timathawa ukafuna kutiyang'anitsitsa. Ambiri tili nato tiwiri kapena titatu, ndipo timaoneka bwino ukayang'ana khoma loyera kapena thambo. Takalekale totere sitivuta ayi. Chodetsa nkhawa ndi pamene tachuluka mwadzidzidzi ngati mwaye kapena gulu la ntchentche.

Chachiwiri ndi kung'anima ngati mphezi m'mbali mwa diso limodzi, makamaka mumdima. Kumeneko ndi kukokedwa kwa retina. Tisakusokoneze ndi kuwala kokhotakhota kumene ena amaona mutu waching'alang'ala ukamayamba. Kwa mutuko kumaoneka m'maso onse awiri ndipo kawirikawiri kumatha ola lisanakwane.

Chachitatu, chimene chili choopsa koposa, ndi mdima wobwera kuchokera mbali imodzi ngati wina akukoka katani pa zenera. Apo retina yayamba kale kumatuka. Ikamatuka mpaka pakati, pamene timawerengera malembo ndi kuzindikirira nkhope, ngakhale opaleshoni itayenda bwino diso silimabwerera mwakale nthawi zambiri. Nchifukwa chake woona zizindikirozi apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asadikire holide, asadikire kuti mayeso athe.

Pali njira yapafupi yodziyesera. Tsekani diso limodzi ndi dzanja muyang'ane mafelemu a zenera kapena mizere ya m'kope, kenako mutseke linalo. Diso labwino limabisa vuto la linzake, moti munthu akhoza kuyenda miyezi osadziwa kuti lina likutha.

Ndani ayenera kusamala kwambiri?

Poyamba ndi anzathu amene saona patali ndipo amavala magalasi okhuthala, chifukwa diso lawo ndi lalitaliko ndipo retina yawo ndi yokokeka. Kenako amene wamenyedwa mpira kapena chigongono padiso kubwalo. Kutupa kukhoza kutha pa masiku atatu, koma kung'ambika kwa mkati kumadzaonekera patapita milungu ngakhale miyezi. Palinso amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala, ndi amene m'banja mwawo wina retina inamatukapo.

Kwa inu makolo athu ndi abambo ansembe amene muli ndi matenda a shuga, nkhaniyi ndi yanunso. Shuga imawononga timitsempha ta magazi ta mu retina pang'onopang'ono, munthu akuonabe bwinobwino. Madokotala amalangiza kuyezetsa mkati mwa maso kamodzi pa chaka. Kuthamanga kwa magazi nakonso kumawononga timitsempha tomweti. Ndipo tonse tipewe kuyang'ana dzuwa mwachindunji, ngakhale pa kadamsana, chifukwa limatentha pakati penipeni pa retina.

Tipite kwa yani?

Apa mpamene ambiri amasokera, pakuti aliyense wogwira za maso timangomutchula "adokotala". Wogulitsa magalasi pamsika sanayeze diso la munthu, ndipo mkati mwa diso saonamo. Amene amadula magalasi ndi kuwaika m'mafelemu ndi mmisiri wofunika, koma sachiza matenda. Optometrist anaphunzira kuyeza maso, kulemba mphamvu ya magalasi ndi kuzindikira matenda kuti atumize wodwala koyenera. Kuno kwathu maphunzirowa amachitikira ku Mzuzu University. Ngati vuto lanu ndi kusaona bwino pa bolodi kapena kutopa maso powerenga, ameneyu ndiye woyenera. M'zipatala za m'maboma muli ma clinical officer amene anaphunzira mwapadera za maso, ndipo kwa ambiri a ife ameneyu ndiye khomo loyamba. Pomaliza pali ophthalmologist, dokotala wathunthu amene anapitiriza maphunziro a maso ndipo amachita opaleshoni. Otere amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Retina yong'ambika kapena yomatuka ndi ntchito ya dokotala ameneyu.

Mukafika, musangonena kuti "maso akuvuta". Nenani kuti ndi diso liti, zinayamba liti, ndipo mukuona chiyani. Kuwerenga zilembo za pakhoma sikokwanira, pakuti munthu wong'ambika retina akhoza kuwerenga mpaka mzere wotsiriza. Pemphani mwaulemu kuti akuthireni mankhwala okulitsa mwanadiso ndi kuunika mkati. Mukatero mudzaona mwachimbuuzi kwa maola angapo, choncho pitani ndi wokuperekezani. Kabowo kakapezeka msanga amakatseka ndi kuwala kwa laser popanda kudula. Retina ikamatuka pamafunika opaleshoni yaikulu imene sichitika pa chipatala chilichonse, ndipo ulendo ndi ndalama zimachuluka.

Makolo, chonde musathire m'maso mwa mwana madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala otsala a mnansi. Zimenezi sizifika pa retina, koma zingathe kuyambitsa chilonda kutsogolo kwa diso, vuto limodzi nkusanduka awiri.

Anzanga aseminale, ndikudziwa kuti ena amabisa matenda poopa kuti Bambo Rekitala aganiza kuti akuthawa kalasi, kapena kuti awabweza kwawo. Pajatu safunsa anadya phula. Kalasi imene mwaphonya mudzakopera kwa mnzanu, koma diso likafa palibe kobwereka. Lusia Woyera, amene chaka chake timachita pa 13 December, ndiye nkhoswe ya odwala maso. Tiyeni timupemphe kuti atipempherere, ndipo pempherolo tizilinena tili pa ulendo wa kuchipatala.