CHOYALA CHA M'NSAPATO: MLONDA WA PHAZI LOSAMVA ULULU

M'maŵa, pamene asodzi akokera ngalaŵa zawo kumtunda pa Senga Bay kapena pa Chipoka, mchenga wa m'mphepete mwa madzi umakhala wodzala ndi mapazi a anthu. Munthu wodekha atayang'anitsitsa mapaziwo adzaona kuti sali ofanana. Ena adinda chidendene, mphepete ndi zala, nasiya mpata pakati. Ena adinda phazi lonse lathunthu. Enanso akumba kwambiri mbali imodzi. Mchengawo umaulula chinthu chimene mwini phazi sachidziŵa, ndicho malo amene kulemera kwa thupi lake kumatsamira. Nkhani ya lero ikufotokoza za kanthu kakang'ono kamene ntchito yake ndiyo kukonza katsamiridwe kameneko: choyala cha m'kati mwa nsapato, chimene pa Chingerezi amachitcha insole.

Phazi la munthu liri ndi mafupa 26, omangidwa pamodzi ndi minyewa kotero kuti pakati pake pamakhala pokwezeka ngati uta. Poyenda, chidendene ndicho chimayamba kugunda pansi, kenaka kulemera kumadzera m'mphepete mwa phazi, nkufika pamafupa asanu a m'tsinde mwa zala, ndipo chala chachikulu chimakankha thupi kupita patsogolo. Mayi wolemera makilogalamu 60, amene wasenza thumba la mpunga la makilogalamu 50 pochokera kudimba ku Lifuwu, amatsitsira makilogalamu oposa 100 paphazi limodzi nthaŵi iriyonse pamene aponda, ndipo pa kilomita imodzi yokha amaponda koposa 1,000. Katundu ameneyu akagaŵidwa paphazi lonse, palibe chovuta. Koma akaunjikana pakamalo kamodzi, kamaloko kamatupa, khungu limauma gwa, ndipo m'kati mwake mnofu umayamba kuphwanyika. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Nakonso kafupa kamodzi ka m'phazi sikangasenze thupi lonse tsiku ndi tsiku.

Choyala cha m'nsapato chimagwira ntchito zitatu. Choyamba, chimafeŵetsa popondapo kuti phazi lisagunde chinthu cholimba. Chachiŵiri, chimadzaza mpata wa pansi pa uta uja kuti pakati pa phazi pathandizeko kusenza. Chachitatu, chimachotsa katundu pamalo odwala ndi kumsamutsira pamalo abwino. Mmisiri amachita zimenezi pokumba kadzenje pansi pa malo oŵaŵawo, kapena poika kamtsamiro kumbuyo pang'ono kwa mafupa a m'tsinde mwa zala. Nchifukwa chake choyala chabwino chimapangidwa potsata phazi la mwini wake. Kuchipatala amampondetsa munthu pachidindo cha inki kapena pachinthu chofeŵa chosunga maonekedwe a phazi, mwinanso amaumba chikombole cha pulasitala. Pamene inki yada kwambiri ndi pamene pali ngozi.

Kwa anthu ambiri mavuto a mapazi amabwera ndi ululu, ndipo ululuwo ndiwo umawatumiza kukafuna chithandizo. Mphunzitsi, namwino, kapena mayi wogulitsa usipa amene amaima tsiku lonse pamsika wa Salima angamve kuŵaŵa pansi pa chidendene, makamaka akangoponda pansi podzuka m'maŵa. Chimachitika nchakuti mnyewa waukulu wochokera kuchidendene kukafika kuzala watopa ndi kukokedwa. Choyala chofeŵa kuchidendene, chochirikiza pakati pa phazi, chimachepetsa ululuwo, ndipo pamodzi ndi kuongola minyewa ya katumba m'maŵa ndi madzulo, vutoli kaŵirikaŵiri limatha patapita miyezi. Momwemonso munthu wamkulu wa mapazi ophwatalala, amene amatopa msanga poyenda, amapeza mpumulo.

Koma pali zinthu zimene choyala sichingachite, ndipo makolo ayenera kuzidziŵa kuti asataye ndalama pachabe. Choyala sichiumba fupa. Ana aang'ono pafupifupi onse amakhala ndi mapazi ophwatalala, ndipo uta uja umaoneka wokha mwana akamafika zaka 6 kapena kupitirirapo pang'ono. Ngati mwanayo akuthamanga bwino osadandaula, safunika choyala chirichonse. Mwana wobadwa ndi mapazi opindikira m'kati, nayenso sangaongoledwe ndi choyala. Iye afunika kupita naye kuchipatala akadali wakhanda, kumene amamanga mapaziwo ndi pulasitala wosinthidwa mlungu ndi mlungu monga mwa njira ya Dr Ignacio Ponseti, kenaka amamveka nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo. Chithandizo chimenechi chimayambira kuzipatala za m'maboma, ndipo chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 2002, chimalandira ana ofunika opaleshoni.

Tsono pali anthu ena amene kwa iwo choyala si chinthu chongopepuza ululu, koma chopulumutsa mwendo. Ameneŵa ndiwo amene mapazi awo anachita dzanzi, osamvanso kanthu. Matenda aŵiri ndiwo amachita zimenezi kwambiri m'dziko muno: khate ndi matenda a shuga. Onse aŵiri amaononga mitsempha imene imanyamula uthenga kuchokera kuphazi kupita kubongo.

Ululu ndi mlonda. Munthu wa mapazi abwino akaponda mchenga wa mwezi wa October masana, pamene kutentha kwa kunyanja kwapitirira madigiri 30 ndipo mchengawo uli ngati phulusa lamoto, amathamangira pamthunzi. Akaponda mbedza, munga wa kampango kapena chigoba cha nkhono, amaima nazula. Nsapato ikamthina, amatsimphina, ndipo kutsimphinako kumapumitsa malo otupawo. Koma munthu wa phazi ladzanzi alibe mlonda ameneyu. Msodzi wotere angathe kukoka khoka m'maŵa wonse kamwala kali m'nsapato, nadzazindikira madzulo poona magazi. Popeza sipaŵaŵa, m'maŵa mwake amapondanso pomwepo. Thuza limasanduka chilonda, chilonda chimaloŵa mpaka pafupa, fupa limadyeka, chala chimafupika, ndipo pomaliza dokotala amakakamizika kudula.

Kwa zaka mazanamazana anthu ankakhulupirira kuti khate lenilenilo ndilo limadya zala. Amene anaonetsa poyera kuti si choncho ndi Dr Paul Brand, dokotala wa ku Britain amene anayamba ntchito ku Vellore m'dziko la India m'chaka cha 1946. Iye anatsatira odwala ake tsiku ndi tsiku, napeza kuti mnofu wawo unali wabwino ndithu, wokhoza kupola monga wa munthu aliyense. Chimene chinkauononga chinali kuvulala kosamveka, makamaka kuponda mobwerezabwereza pamalo amodzi. Atayesa zinthu zambiri, iye ndi anzake anapeza kuti chothandiza koposa ndi mphira wa timphako ting'onoting'ono tosaŵerengeka ta mpweya, wotchedwa microcellular rubber, amene anayamba kupangidwa pachipatala cha khate cha Karigiri pafupi ndi Vellore. Mphira ameneyu amalandira phazi monga m'mene mchenga wachinyezi umalirandirira, koma phazi likachoka amabwerera m'malo mwake. M'chaka cha 1966 Dr Brand anasamukira ku Carville m'dziko la America, ndipo kumeneko nzeru yomweyo inayamba kupulumutsa mapazi a odwala matenda a shuga.

Dera la kunyanja kuno likuidziŵa bwino mbiri ya khate. Pa Mua, kummwera kwa Salima m'boma la Dedza, ansembe a White Fathers anatsegula malo osamalira odwala khate m'zaka za m'ma 1920, ndipo odwala ankachokera kutali nakhala komweko zaka zambiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1960 bungwe la LEPRA linayamba ntchito yake m'Malaŵi, yofikitsa mankhwala kumidzi pagalimoto ndi panjinga kuti odwala asachoke kwawo. M'zaka zoyambirira za m'ma 1980 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mankhwala angapo aziperekedwa pamodzi, ndipo njira imeneyi imachiza khate m'miyezi 6 kapena 12. Pofika m'chaka cha 1994 odwala khate m'dziko muno anachepera munthu mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Komabe matendaŵa sanatheretu. Chaka ndi chaka odwala atsopano amapezeka, ndipo mankhwala ake amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Chofunika kuchimvetsa nchakuti mankhwala amapha tizilombo, koma mtsempha umene unafa kalekale sudzukanso. Munthu wochira sapatsira wina aliyense, koma phazi lake lidzafuna kulondera moyo wake wonse. Ndipo pamene khate lachepa, matenda a shuga akuchuluka m'matauni ndi m'midzi momwe, kotero kuti mapazi adzanzi akadali ambiri.

Nsapato yoyenera phazi lotere iri ndi zizindikiro zosavuta kuzikumbukira. Pansi pake pakhale polimba, kuti munga ndi mbedza zisaboole. M'kati mwake mukhale choyala chofeŵa, chochindikala pafupifupi sentimita imodzi. Pofuna kuyesa kufeŵa kwake, munthu atsine choyalacho ndi zala ziŵiri: chikaphwatalala kufika pafupifupi theka, nkubwereranso, ndiye kuti nchabwino, chikakanika kutsinika nchouma, ndipo chikaphwatalaliratu nchopanda mphamvu. Nsapatoyo ikhale yotakata kuzala, yakuya mokwanira kuti choyala chikaloŵa phazi lisapanikizike, ndiponso ikhale ndi lamba wogwira kuchidendene. Isakhomedwe ndi misomali ayi, koma isokedwe kapena kumatidwa. Nkhwayira za tayala nzolimba bwino pansi, koma pazokha nzouma kwambiri, ndipo misomali yake ndi mdani wobisala. Wosoka nsapato waluso angathe kuzisoka ndi ulusi ndi kumata choyala pamwamba. Mapatapata sakwanira, chifukwa amavuka, amabooka msanga, ndipo kalamba kake kamacheka pakati pa zala. Nsapato za pulasitiki zimatentha padzuŵa ndi kutcheza khungu.

Nsapato yatsopano ivalidwe ola limodzi kapena aŵiri okha patsiku loyamba, kenaka phazi liyang'anidwe. Pakaoneka malo ofiira kapena otentha, nsapatoyo ibwerere kwa mmisiri. Choyala chikaphwatalala kapena kubooka chisinthidwe, pakuti choyala chotha chimanyenga mwini wake kuti ali wotetezeka.

Ngakhale choyala chikhale chabwino chotani, sichingaloŵe m'malo mwa maso. Madzulo alionse munthu wa mapazi adzanzi akhale pansi poŵala, nayang'ane pansi pa phazi ndi pakati pa zala. Ngati sangathe kuŵerama kapena maso ake ndi ofooka, agwiritse ntchito kalilole, apo ayi mkazi wake, mwamuna wake kapena mdzukulu amuyang'anire. Asambitse mapazi ndi madzi amene wayamba wawayesa ndi chigongono, awapukute bwino, napake mafuta pazikang'a ndi pamalo ouma, koma osati pakati pa zala. Khungu louma lisadulidwe ndi lumo. Asanavale nsapato aigwedeze ndi kupisamo dzanja. Asayende wopanda nsapato ngakhale popita padooko kapena kuseri kwa nyumba, ndipo poŵamba nsomba kapena pootha moto mwezi wa June mapazi akhale kutali ndi makala.

Chilonda chikayamba, mankhwala ake oyamba ndiwo kuleka kupondera phazilo ndi kupita kuchipatala msanga, osadikira kuti chiŵaŵe, pakuti sichidzaŵaŵa. Choyala chimateteza chilonda chisanabwere ndiponso chitapola, koma chilonda chotseguka chimafuna kupumitsidwa ndi ndodo zoyendera kapena pulasitala. Kuyeza ngati phazi likumva sikutenga nthaŵi: wachipatala amakhudza malo angapo ndi nsonga ya bolopeni kapena kaulusi kapadera kolimba, wodwala atatsinzina, namfunsa kuti aloze pamene wakhudzidwa. Wodwala shuga ayenera kupempha kuti mapazi ake ayezedwe chomwechi kamodzi pachaka. Kuchokera kuchipatala chaching'ono monga cha Khombedza, munthu amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha boma la Salima, ndipo wofunika nsapato kapena choyala chopangidwa mwapadera amapitirira ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, kumene kuli malo opangira ziŵalo zoikirira ndi zochirikiza amene anakhazikitsidwa ndi thandizo la bungwe la ku Scotland lotchedwa 500 miles.

Pali chopinga china chimene si cha mankhwala. Anthu ambiri ochira khate ankabisa nsapato zimene analandira, chifukwa maonekedwe ake ankawaulula pamsika ndi kutchalitchi, ndipo ankasankha kuyenda pansi kusiyana ndi kulozedwa chala. Nchifukwa chake masiku ano amisiri amayesetsa kuika choyala m'nsapato zooneka ngati za wina aliyense. Koma gawo lalikulu liri ndi anansi. Bambo amene wavala nsapato pokoka khoka sakudzitukumula, ndipo mayi amene waloŵa m'dimba atavala nsapato sakunyada. Iwo akusunga miyendo imene imadyetsa ana awo. Mudzi umene wamvetsa zimenezi udzaleka kuwaseka, ndipo m'malo mwake udzafunsa gogo aliyense wodandaula za dzanzi kuti, "Kodi agogo, mapaziwo mwawayang'ana lero?"