PHUNZIRO LA CINGELEZI: LIU LAKUTI "HARASS"

Alipo mau ena a Cingelezi amene munthu angathe kuwamva kawiri-kawiri m'mabwalo a milandu ndi m'nyuzi, koma osadziwa bwino kulemera kwace. Limodzi la mau otere ndilo "harass". M'Cinyanja liuli litanthauza kusautsa kapena kubvutitsa munthu mobwereza-bwereza, kufikira atasowa mtendere.

Liuli linalowa m'Cingelezi cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, kucokera ku liu la ku France lakuti "harasser". Akatswiri ambiri a zinenero aganiza kuti muzu wace ndiwo mpfuu imene alenje akale anali kutumira nayo agaru pa nyama. Amene anapitako kuuzimba adziwa zimenezi. Garu sagwetsa nguluwe ndi kuluma kumodzi iai. Aiuwa, ailuma kumwendo, athawa, nabweranso, kufikira nyamayo italefuka. Cifukwa cace asilikari achulanso liuli ponena za kagulu kamene kaputa adani usana ndi usiku, osawalola kugona.

Tsono cinthu cacikulu m'liuli ndico kubwereza. Mai wina agulitsa matimati pa msika wa Kapata ku Chipata. Mwamuna wina akamtukwana tsiku limodzi cifukwa ca mtengo, Mngelezi anena kuti, "He insulted her." Koma mwamunayo akamaima pafupi ndi thebulo lace masiku onse, namtsata poweruka, namuimbira lamya usiku ngakhale maiyo anakana kale, pamenepo anena kuti, "He is harassing her."

Wophunzira asamale zinthu zitatu. Coyamba ndico kalembedwe: liuli liri ndi "r" mmodzi ndi "s" awiri. Ambiri alakwa polifanizira ndi "embarrass", kucititsa manyazi, limene liri ndi "r" awiri. Caciwiri, wosautsidwayo achulidwa pompo pambuyo pa liulo, popanda "to" kapena "at" pakati: "They harassed the widow," ndiko kuti anasautsa mai wamasiye uja. Cacitatu, dzina la mcitidwewo ndilo "harassment". Kunena za kachulidwe, ku England akale anali kukweza mau pa ciyambi ca liu, ndipo ku America akweza pa mapeto. Njira zonse ziwiri zibvomerezedwa.

Liuli lisasokonezedwe ndi "tease", kusereula. Mngoni ndi Mbemba akakomana pa maliro nanyozana mwa cimbuya, onse awiri aseka, ndipo palibe wopita kwao ndi mtima wowawa. Kumeneko ndi "teasing". Mwana wokakamira amace kuti amgulire citumbuwa acita "pester". Koma pamene mmodzi aseka ndipo mnzace aopa kuturuka m'nyumba, masewera atha.

Kudziwa kusiyana kumeneku sikungokometsa Cingelezi ca munthu cabe. M'caka ca 2011 Zambia inakhazikitsa lamulo lochedwa Anti-Gender-Based Violence Act, ndipo "harassment" alembedwamo monga umodzi wa mitundu ya nkhanza. Lamulolo lichula kutsata munthu, kuzungulira-zungulira pafupi ndi nyumba yace kapena pa nchito pace, ndi kumuimbira lamya mobwereza-bwereza. Wosautsidwa angathe kukadandaula ku Victim Support Unit ya apolisi, ndiponso bwalo la milandu liri ndi mphamvu yakuletsa wosautsayo kumyandikira.

Cotero mai wa ku Kapata uja akakafika kwa apolisi nangoti, "Munthu uyu anandikwiyitsa," nkhani yace ingaoneke yaing'ono. Koma akafotokoza masiku amene anatsatidwa, malo ace, ndi anthu amene anaona, wolemba mlandu adzadziwa kuti liu loyenera kulemba ndilo "harassment". Nkwabwino kuti wosautsidwa azilemba masikuwo m'kabuku, asafafanizenso mauthenga a pa lamya, pakuti umboni wa kubwerezako ndiwo udzamthandiza pa bwalo.