Gulu la Ndege Limene Linathandiza Asilikali a Keyala

Anthu ambiri a ku Bwanje anamva kwa makolo awo za nkhondo ya Hitler, imene inayamba mu 1939 ndi kutha mu 1945. Amadziwa za asilikali a K.A.R., amene pamudzi amatchedwa a Keyala, koma ndi owerengeka amene anamva za gulu la ndege limene linkauluka pamwamba pa asilikaliwo. Dzina lake linali No. 237 (Rhodesia) Squadron.

Gululi linachokera ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Linatumizidwa ku Kenya mu 1939, ndipo mu April 1940 linalowa mu Royal Air Force ya Angerezi nilandira nambala 237. Mu June chaka chomwecho dziko la Italy linalowa m'nkhondo kumbali ya Hitler. Mu July Mataliyana ochokera ku Abyssinia anazinga linga la Moyale, kumalire a Kenya, kumene kunali kagulu ka asilikali a 1st K.A.R. a ku Nyasaland.

Ndege za 237 pa nthawiyo zinali zachikale ndi zopanda liwiro. Ntchito yake inali kuzonda adani, kudziwitsa akuluakulu a nkhondo pamene adaniwo abisala, ndi kuwaponyera mabomba. Komabe adani anachuluka, tsono a Keyala anatuluka m'lingamo usiku mwakachetechete napulumuka.

Pambuyo pake gululi linapita ku Sudan ndi ku Eritrea, kumene linathandiza pa nkhondo yoopsa ya m'mapiri a Keren, imene inatha mu March 1941. Kenaka linalandira ndege zolimbana ndi ndege zinzake m'mlengalenga, poyamba za Hurricane, pambuyo pake za Spitfire. Mu 1944 linali pa chilumba cha Corsica, kumene linkanyamukira kukaphwanya sitima za pamtunda ndi magalimoto a Majeremani ku Italy. Linathetsedwa kumayambiriro a 1946.

Mmodzi wa oyendetsa ndege ake anali Ian Smith. Ndege yake inawomberedwa ku Italy mu 1944, ndipo iye anabisala kwa miyezi ingapo pakati pa anthu a kumidzi. Ndi Smith yemweyo amene anakhala nduna yaikulu ya Rhodesia mu 1964, nagalukira Britain pa 11 November 1965 pokana kuti anthu akuda alamulire. Nkhondo inabuka m'dzikomo, ndipo Zimbabwe inapeza ufulu mu 1980.

Oyendetsa ndege onse a 237 anali Azungu. Ku Rhodesia anthu akuda ankapatsidwa ntchito yolambula mabwalo a ndege ndi kuwalondera. Maina a oyendetsa analembedwa m'mabuku, koma a asilikali a pansi ambiri atsala m'mitima ya abale awo okha. Choncho aphunzitsi a ku Bwanje angachite bwino kutuma ana asukulu kukafunsa agogo awo maina a amene anapita ku Keyala, ndi kuwalemba asanaiwalike.