Ntchito ili ku Lilongwe, inu muli ku Chitipa: CV yanu ikakuyankhulireni

Kale wachinyamata wa ku Nthalire kapena ku Kameme akamva za ntchito, ankayamba wawerengera ndalama ya fotokope, envulopu ndi ulendo wa ku positi ofesi pa Boma. Nyuzipepala ikafika mochedwa, tsiku lotsekera limakhala litadutsa kale. Lero mabungwe ndi makampani ambiri amalandira makalata pa imelo, moti mtunda wa makilomita pafupifupi 700 wokafika ku Lilongwe sukutsekerezaninso.

Koma bwana wolemba ntchitoyo sakudziwani. Chomwe akuona ndi fayilo yomwe mwatumiza basi, ndipo ili pakati pa mafayilo ena ambirimbiri.

Ambiri amagwa mphwayi n'kumati alibe cholemba poti sanagwirepo ntchito ya muofesi. Taganizani bwino. Ngati munagwirapo ganyu ya kalembera kapena ya pamalo oponyera voti pachisankho cha pa 16 September 2025, imeneyo ndi ntchito. Ngati munasungapo mabuku a banki m'khonde, munalembapo makilogalamu a khofi wa alimi ku Misuku, kapena munaphunzitsapo mongodzipereka pasukulu ya pulayimale, lembani. Tchulani malo, chaka ndi zomwe munkachita, ndi manambala omwe: gulu la anthu angati, kalasi ya ana angati.

Musaiwale ziyankhulo. Chitipa ndi boma lodziwika ndi ziyankhulo zambiri, monga Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi Chitumbuka, ndipo chifukwa chochita malire ndi Tanzania komanso Zambia, ena amamva Chiswahili ndi Chibemba. Kwa bungwe lofuna munthu wokacheza ndi alimi kapena wochita kafukufuku kumudzi, luso limeneli ndi chuma.

Pamaphunziro, yambani ndi omwe mwamaliza posachedwa: digiri, dipuloma kapena satifiketi ya TEVETA, kenako MSCE. Masamba awiri akwana. Pamapeto ikani anthu awiri kapena atatu okuchitirani umboni, monga ahedi kapena amene ankakuyang'anirani pantchito, koma muwapemphe kaye. Achibale ayi.

CV mutha kuilemba pafoni pomwepo ndi Google Docs kapena WPS Office. Mukamaliza isungeni ngati PDF, chifukwa fayilo ya Word imatha kusokonekera ikatsegulidwa pakompyuta ina. Ipatseni dzina lanu lenileni, kuti bwanayo asavutike kuipeza. Masatifiketi ajambuleni pamalo owala ndi pulogalamu yosikana, zala ndi mphasa zisaoneke, ndipo fayilo ikhale yaying'ono kuti isakudyereni bandulo.

Imelo nayonso ikhale ya dzina lanu, osati lija la pa Facebook. Pamutu pake lembani dzina la ntchito monga momwe alilembera pachilengezo. Ngati anena kuti kalata, CV ndi masatifiketi zikhale fayilo imodzi, chitani zomwezo. Kuphonya langizo laling'ono chotere kumagwetsa munthu CV isanawerengedwe n'komwe.

Netiweki ndi magetsi sizipangana ndi munthu, choncho musadikire tsiku lomaliza. Tumizani kudakali masiku awiri kapena atatu, kenako onani mufoda ya zotumizidwa ngati fayilo yapitadi. Nambala ya TNM kapena Airtel yomwe mwalemba ikhale yopezeka, ndipo ngati kwanu netiweki imavuta, onjezani ya m'bale wokhala pa Boma.

Chenjeraninso ndi zilengezo zoyenda m'magulu a WhatsApp. Wina akati tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti dzina lanu lilowe pamndandanda wa intavyu, dziwani kuti ndi wakuba. Musanatumize chiphaso cha unzika, tsimikizani chilengezocho patsamba la bungwelo kapena m'nyuzipepala ngati The Nation ndi The Daily Times.

CV imodzi siyokwanira ntchito zonse. Sungani yaikulu mu Google Drive, ndipo chilengezo chilichonse chikatuluka, ikonzeni kuti zomwe akufunazo zioneke pamwamba.